Woyenga Siliva Safulumira



Pa 2 Febuluwale, pamene Eklezia akumbukira Kuperekedwa kwa Ambuye m'Nyumba ya Mulungu, timamva mau a mneneri Malaki, mutu 3. Mneneriyo akufanizira Mulungu ndi munthu woyenga siliva, amene wakhazikika pa ntchito yake kuti ayeretse ana a Levi, ndiye kuti ansembe, mpaka nsembe zao zikhale zolandirika. Malaki analalika ku Yerusalemu Ayuda atabwerako ku ukapolo wa ku Babiloni, Nyumba ya Mulungu itamangidwanso m'chaka cha 515 Kristu asanabadwe. Chipembedzo chinali chitazirala. Ansembe ankapereka pa guwa nyama zakhungu, zopunduka ndi zodwala. Amuna ankasiya akazi amene anakwatira pa unyamata wao. Olemera ankamana antchito malipiro ao, namazunza amasiye. Tsono mau aŵa amayamba kulasa ife ansembe asanafike kwa inu.

Koma ambiri mwa ife sitinaonepo siliva akuyengedwa, ndipo fanizo limene sitilimvetsa silingatilase mtima. Nchifukwa chake lero tiyambe taona ntchitoyo m'mene imayendera.

M'masiku a Malaki ankayenga ndi moto. Siliva amapezeka kaŵirikaŵiri atasakanizika ndi mtovu. Woyenga ankasungunula zonse pamodzi m'kambale kouma kopangidwa ndi phulusa kapena dothi, nauzira mpweya pamwamba pake. Mtovu unkasandulika ndi mpweyawo n'kumwerera m'kambale, ndipo pakati pankatsala kadontho ka siliva koŵala. Moto wake unali waukali ndithu, pakuti siliva sasungunuka mpaka kutentha kufike madigiri 962.

M'chaka cha 1884 munthu wina wobadwira ku Germany, dzina lake Bernhard Moebius, anatulukira njira yoyengera siliva ndi magetsi. Njirayi ikugwirabe ntchito m'mafakitale aakulu, ndipo ku America ndi ku Ulaya kuli anthu ena amene amaichita pakhomo pao m'kachiŵiya kakang'ono, poyenga masipuni akale ndi zokongoletsera zothyoka. Abale athu amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Mufulira m'dziko la Zambia akuidziŵa njira yonga yomweyi, pakuti mkuwa nawonso amauyenga ndi magetsi.

Siliva wa ziŵiya zambiri sakhala woyera. M'magawo 1,000 a siliva wotchedwa sterling, magawo 925 ndiwo siliva, pamene 75 otsalawo kaŵirikaŵiri ndi mkuwa. Woyenga amayamba wachotsa mkuwa wambiri ndi asidi, kenaka amasungunula siliva uja n'kuumba kanjerwa. Ndi maso kanjerwako kamaoneka koyera, koma mwini wake amadziŵa kuti m'kati mwatsala zodetsa. Tsono amakakulunga m'kathumba kansalu, nakamiza m'madzi a mankhwala m'mene mwasungunuka kale siliva wina. M'madzi momwemo amaikamo mbale ya chitsulo chosachita dzimbiri. Waya mmodzi amamangirira ku kanjerwa, wina ku mbale, ndipo amatsegula magetsi ochepa zedi, ofanana pafupifupi ndi mphamvu ya mabatire aŵiri a tochi.

Mutaimirira pamenepo simungamve phokoso, simungaone malaŵi. Koma kanjerwa kaja kayamba kudyeka pang'onopang'ono. Siliva akuchoka m'kanjerwa m'tizigawo tosaoneka ndi maso, akudutsa m'madzi, ndipo akumera pa mbale ija ngati timasingano toŵala, ngati nthambi za kamtengo. Siliva womerayo ndi woyera kopambana: m'magawo 1,000, magawo 999 kapena kuposapo ndi siliva weniweni.

Tichenjezane pano, makamaka inu anyamata okonda kuyesa zinthu. Asidi wa ntchitoyi amaotcha khungu, ndipo akamadya chitsulo amatulutsa utsi wofiirira umene umaononga mapapo, mwina kupha kumene. Imeneyi si ntchito yochitira m'khitchini momwe muli ana. Ife tikuitchula kuti itiphunzitse za Mulungu.

Michael Faraday, katswiri wa ku England, anapeza m'zaka za 1833 ndi 1834 kuti kuchuluka kwa chitsulo chomera pa mbale kumatsata ndendende kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. Muyeso umodzi wa magetsi, wotchedwa ampere, ukayenda ola lathunthu umasamutsa siliva wolemera magalamu 4 okha. Pa muyeso umenewu, kilogalamu imodzi imafuna maola pafupifupi 250, ndiye kuti masiku oposa 10, usana ndi usiku. Woyenga wosaleza mtima akaonjeza magetsi mopitirira kuti atsirize msanga, mkuwa nawonso umayamba kumera pa mbale pamodzi ndi siliva, ndipo ntchito yonse yaonongeka.

Abale, kodi si m'mene Mulungu amachitira nafe? Ubatizo unatitsuka machimo onse, nutipanga kukhala ana a Mulungu. Komabe Eklezia amaphunzitsa kuti chilakolako chokokera ku zoipa chimatsala mwa ife, ndipo tiyenera kulimbana nacho moyo wathu wonse. Ndife ngati kanjerwa kaja: koŵala kunja, kosakanizika m'kati. Nthaŵi zina Ambuye amatiyenga ndi moto, pa matenda, pa maliro, pa njala. Koma masiku ambiri amatiyenga mwakachetechete, ndi chaulere chake choyenda pang'onopang'ono: pemphero la m'maŵa, korona wa madzulo, Misa ya Lamulungu, mau aukali amene tinawameza mwana atataya ndiwo.

Ansembe timamva kaŵirikaŵiri dandaulo ili: "Bambo, ndasiya kulapa, chifukwa nthaŵi zonse ndimangoulula machimo omwewo. Palibe chikusintha." Iwe mkristu wotaya mtima, munthu woyang'ana kachiŵiya ka siliva kwa mphindi zisanu amanenanso chimodzimodzi kuti palibe chikuchitika. Atabwera maŵa lake adzapeza mbale yadzaza. Chinthu chimodzi chokha chimene chimaimitsa ntchito ndicho kudula waya. Amene wasiya masakramenti wadula waya, ndipo kanjerwa kake kadzangokhala m'madzi chikhalire, kosasinthika.

Taonaninso zimene zimachitikira madzi aja. Mkuwa wochoka m'kanjerwa sumera pa mbale ngati magetsi ali oyenera. Umatsala m'madzi, ndipo madziwo amasanduka obiriŵira ngati thambo. Tsiku ndi tsiku mtunduwo umanka nukula. Woyenga wanzeru amauyang'anira, ndipo mkuwa ukachuluka amachotsa madziwo n'kuthiramo atsopano, poopa kuti siliva wake angayambe kudetsedwa. Mtima wa munthu ndi wa banja uli chomwechonso. Timadandaulo ta mwamuna ndi mkazi, timabodza ta pamsika, kaduka ka pa munda wa mnzathu, zonsezi zimaunjikana mpaka kudetsa ngakhale zabwino zimene timachita. Sakramenti la Kulapa ndilo kusintha madzi. Lamulo la Eklezia limatiuza kuulula machimo aakulu kamodzi pa chaka, koma limenelo ndi malire otsiriza. Woyenga wokonda siliva wake sadikira kuti madzi achite kuda.

Pali ngozi ina imene imachokera kwa siliva woyera yemwe. Timasingano tija tikangosiyidwa, timakula kulunjika ku kanjerwa, ndipo tikakakhudza, magetsi amayamba kuyenda njira yachidule osadutsanso m'madzi, kuyenga n'kuima. Nchifukwa chake woyenga amatipala ndi kutisonkhanitsa kaŵirikaŵiri. Ntchito zathu zabwino nazonso, tikamazisunga kuti tizidzitama nazo, zimakula mpaka kukakhudza munthu wakale uja, ndipo zimasanduka kunyada. Wapampando wa mphakati amene amaŵerengera anthu zabwino zimene wachita, wansembe amene amadikira kuyamikidwa pa ulaliki wake, onseŵa alola timasingano kukula osapala. Zabwino zimene Mulungu wameretsa mwa ife tizipereke msanga kwa Iye pa guwa, ndi kwa osauka pakhomo.

Nanga kathumba kansalu kaja nkachiyani? Kanjerwa kakamadyeka, m'kathumbamo mumatsala matope akuda, osakondweretsa kuwaona. Munthu wosadziŵa angathe kuwataya kudzala. Koma woyenga amawasunga mosamala, pakuti ngati m'kanjerwa munali golide, golideyo sasungunuka m'madzi aja, amagwera m'matope momwemo. Inu amai amene mwasamala mwana wolumala zaka zambiri anthu osakuyamikani, inu bambo amene munachotsedwa ntchito chifukwa chokana ziphuphu, inu amene munagwa m'tchimo lochititsa manyazi ndipo munadzuka ndi misozi, masiku amenewo mumawaona ngati matope a moyo wanu. Musawanyoze. Mulungu sataya kanthu ka m'kathumba, ndipo pa tsiku lomaliza tidzadabwa kuona kumene kunabisala golide.

Tsopano mau aŵiri kwa inu makolo ndi aphunzitsi, pakuti Ambuye anakupatsani gawo pa ntchito yao yoyenga. Kardinala Charles Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha Ansembe Oyera m'chaka cha 1868, analamula kuti ofuna ubatizo aziphunzira zaka zinai. Ansembe ake atafika ku Mua m'chaka cha 1902 anatsata mwambo womwewo, ndipo agogo athu anayenda mitunda yaitali chaka ndi chaka asanalandire madzi a ubatizo. Ena ankaona ngati nkhanza, koma chikhulupiriro chimene tili nacho lero chinamera pa kuleza mtima kumeneko. Inu mphunzitsi amene muli ndi ophunzira osagwira msanga, musawakankhire ku masakramenti kuti chiŵerengero chanu chikome pamaso pa bambo mfumu, ndiponso musawathamangitse chifukwa chochedwa. Inu kholo la mwana wosamva, chikwapu ndi kukalipa kosalekeza kuli ngati magetsi opitirira muyeso: mwana adzasintha msanga pamaso panu, koma mantha ndi chinyengo zidzamera pamodzi ndi kumverako. Chilango choyenera chikhalepo, koma chikhale cha muyeso, chosadukiza, chochokera m'chikondi.

Ndipo ngati imfa itipeza tili m'chaulere cha Mulungu koma kuyengedwa kwathu kusanathe, Woyengayo sataya ntchito ya manja ake. Eklezia anaphunzitsa pa Msonkhano wa ku Florence m'chaka cha 1439, ndiponso pa wa ku Trent m'chaka cha 1563, kuti mizimu yotere imayeretsedwa m'Purigatorio, ndi kuti mapemphero athu, makamaka nsembe ya Misa, amaithandiza. Choncho tisaleke kupempherera akufa athu.

Pa tsiku lija la Kuperekedwa, Ambuye amene Malaki anawalosera analoŵadi m'Nyumba yao. Analoŵa ali khanda la masiku 40, m'manja mwa Maria ndi Yosefe, amene anabwera ndi nsembe ya anthu osauka, mbalame ziŵiri. Ansembe ndi akuluakulu sanazindikire kanthu. Anamzindikira ndi nkhalamba ziŵiri, Simeoni ndi Ana, anthu amene anakhala zaka zambirimbiri akupemphera ndi kudikira, mpaka maso a mitima yao anayera.

Tipemphere. Ambuye Mulungu, Inu mukudziŵa zimene zasakanizika m'mitima mwathu. Musatichotse m'manja mwanu ntchito isanathe. Tipatseni kuleza mtima pa ife eni, pa ana athu ndi pa ophunzira athu, kuti pa tsiku lanu tidzakhale nsembe yoyera yokukomerani. Tikupempha zimenezi kudzera mwa Kristu Ambuye athu. Amen.