Buku la Anyamata Awiri: Mawu Amene Anayankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Komiti inapempha kuti aliyense atchule buku limodzi loti tigulire laibulale ya sukulu. Langa ladzetsa manong'onong'o, choncho ndati ndilifotokoze pamaso panu.

Bukuli ndi Aristotle and Dante Discover the Secrets of the Universe, lolembedwa ndi Benjamin Alire Sáenz, ndipo linatuluka mu 2012. Nkhani yake ikuchitikira mumzinda wa El Paso, ku Texas, kuyambira mu 1987. Anyamata awiri a zaka 15, ochokera m'mabanja a Chimekisiko, akumana padziwe losambirapo. Dante aphunzitsa Ari kusambira, ubwenzi nkuyambira pomwepo. Tsiku lina Dante akutola mbalame yovulala pamsewu, galimoto itulukira. Ari amkankhira kumbali, iye nathyoka miyendo yonse iwiri.

Pambuyo pake Dante apita ku Chicago ndi makolo ake, ndipo m'makalata ayamba kuulula kuti mtima wake umakonda anyamata anzake, osati atsikana. Apa ndi pamene ena mwa ife tikufuna kulitseka bukuli. Ine ndikupempha kuti tiwerengebe.

Chimene chinandigwira mtima ndi nyumba ya kwa Ari, mmene anthu sakambirana. Bambo ake anamenya nkhondo ku Vietnam, koma saikamba. Mkulu wake Bernardo ali kundende, ndipo ngakhale chithunzi chake palibe pakhoma. Mchemwali wa mayi ake, Ophelia, anakhala zaka zambiri ndi mkazi mnzake. Atamwalira, abale ena onse anakana kupita kumaliro. Mnyamatayu akukula ndi mkwiyo wosadziwa kumene ukuchokera. Dante atamenyedwa ndi gulu la anyamata mpaka kugonekedwa m'chipatala, Ari apita kukabwezera ndi zibakera. Pamenepo ndi pamene makolo ake amkhazika pansi, nayamba kuulula zonse zimene anabisa, namuuzanso chimene iwo anachiona kale: kuti iye amamkonda Dante, ndipo akadali mwana wawo.

Ndine wogwira ntchito m'boma, ndipo malamulo a dziko lino ndikuwadziwa. Ndikudziwanso kuti mu June 2024 khoti linagamula kuti malamulo oletsa mchitidwewu akhale momwe alili. Sindinaime pano kudzatsutsana ndi khoti kapena ndi mpingo wa munthu. Ndaima kudzanena za mnzanga.

Tili Folomu 3, ndinali ndi bwenzi la ponda apa nane mpondepo. Chiwamba chimodzi tinkagawana, masamu ankandiphunzitsa ndiye, ndipo pamene malungo anandigwetsa, ndiye ankandibweretsera phala. Kenaka ku hositelo kunabuka mphekesera za iye. Zoona kapena zabodza, sindinamfunse. Ndinangosamutsa bedi langa usiku womwewo, poopa kuti dzina lake lingandipake. Teremu yotsatira sanabwerere. Ena muno mukumkumbukira, ndipo mwaona kuti pamisonkhano yathu yonse sanaondepo phazi. Ari anadziponya kutsogolo kwa galimoto chifukwa cha mnzake. Ine ndinalephera ngakhale kupereka moni.

Lero pasukulu pano pali mwana wina amene akusenza chinthu chimene sangauze mphunzitsi, kholo kapena m'busa. Palinso mnzake amene mawa adzasankha kusamutsa bedi kapena kulisiya pomwepo. Ine bukuli ndikufunira wachiwiriyu makamaka. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pempho langa ndi ili: a komiti ndi aphunzitsi aakulu ayambe aliwerenga lonse, kenaka agamule. Langa ndabwera nalo, lili pathebulo la a Mlembi. Ndipo ngati pali wina amene akudziwa kumene kuli mnzanga uja, andione tikatuluka. Ndili naye ngongole ya mawu.