Pa Guwa Palibe "Kaya Mawa"

Bambo ndi mayi ena a kuno ku Mzilawaingwe atakwanitsa zaka 25 mu ukwati woyera, ana awo anasonkha ndalama kuti makolowo akapumule pa chilumba cha Likoma. Anakwera Ilala pa Nkhata Bay, sitima imene inayamba kuyenda panyanja mu 1951. Atafika anaona hotela yotchedwa Kaya Mawa. Bambo anaseka nati: "Mayi, tikadalumbira chotere pa guwa paja, bwenzi lero tili kuti?"

Ifenso tilingalire mawu amenewa. Pa guwa salumbira kuti kaya. Amalonjeza mpaka imfa. Mwera wa matenda ndi umphawi udzawomba ndithu, koma chowolotsa banja ndicho chisomo cha sakramenti ndi kukhululukirana tsiku ndi tsiku. Amen.