Madzi a ku Kanyama Acokera Kuti?

Mvula yayandikira, cotero ndifuna tikambirane za madzi amene amalowa m'nyumba za anthu mu mzinda wa Lusaka.

Ndiyambe ndi inu a ku migodi, pakuti inu mudziwa kale kuti pansi pa nthaka pali madzi, ndi kuti madziwo sagona tulo. Ku mgodi wa Konkola, ku Chililabombwe, makina amapopa malita opitirira 300 miliyoni tsiku ndi tsiku kuti anthu agwire nchito pouma. Tsono mzinda wa Lusaka nawonso wakhala pamwamba pa madzi, koma ulibe makina otere.

Mzindawu, umene unakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, unamangidwa pa malo athyathyathya, opanda mtsinje waukulu woti utenge madzi. Pansi pace pali mwala wa laimu, wonga uja apangira simenti ku Chilanga, ndipo mwalawo uli ndi ming'alu ndi mapanga ambiri. Mvula yoyamba imalowa m'menemo osaoneka. Koma pofika mwezi wa January kapena February mapanga aja adzala, ndipo madzi, posowa kopita, amakwera. Ndico cifukwa cace mai wa ku Kanyama, ku Misisi kapena ku Chawama amadzuka m'mawa napeza mphasa iri kuyandama, cikhalireco denga lace silidontha konse. Madzi amenewo acokera pansi.

Bvutoli si la lero ai. M'caka ca 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, ndipo anthu zikwizikwi anasowa pogona. M'caka ca 2010 mabanja anasamutsidwa kukakhala m'matenti ku Independence Stadium. Coopsa koposa ndi cakuti madzi akakwera amadutsa m'maenje a zimbudzi nalowa m'zitsime zosazama zimene anthu amatungamo. Kolera imene inabuka mu October 2023 inapha anthu opitirira 700 m'dziko muno, kufikira kuti bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala.

Kodi Boma lacitapo ciani? Kuyambira 2013 mpaka 2018 dziko la America linathandiza ndi madola pafupifupi 355 miliyoni pa nchito za madzi, zimbudzi ndi ngalande mu Lusaka. Zina mwa ndalamazo zinakuza ndi kuwaka ndi simenti ngalande ya Bombay, imene imatenga madzi a pakati pa tauni kukawataya ku mtsinje wa Ngwerere. Ndi nchito yotamandika, koma ngalande imodzi siingaumitse mzinda wonse, ndiponso madzi safika m'ngalande yaikulu ngati kangalande ka pakhomo panu kali kotsekeka.

Apa ndilankhule mosabisa. Ine ndaona ndi maso anga munthu wamkulu, wobvala bwino, ali kukhuthula thumba la zinyalala m'ngalande mvula itangoyamba, ati madzi azitenga. Inde amazitenga, koma amakazisiya pa mlatho woyamba, ndipo mabotolo ndi mapulasitiki zikaunjikana pamenepo madzi amabwerera m'nyumba za anansi ace. Ena amamanga mpanda kapena kasitolo pamwamba peni peni pa njira ya madzi. Khonsolo iri ndi udindo wace, sindikana, koma anyamata a Khonsolo sangafike pakhomo liri lonse mvula isanagwe. Fosholo ndi khasu muli nazo.

Inu amene muli kusunga ndalama za penshoni kuti mukagule malo ku Lusaka, musagule mwezi wa September nthaka iri gwa. Pitani mukaone mu February. Mukalephera, yang'anani zipupa za nyumba zoyandikana: madzi amasiya mzere wa matope posonyeza pamene anafika, ndipo mzerewo udzakuuzani zimene wogulitsa sadzakuuzani.

Tsopano za inshuwalansi. Ofesi ya Boma yoona za ngozi, ija ichedwa DMMU, imathandiza ndi matenti ndi cakudya, koma musayembekeze kuti idzakugulirani mipando ndi makina osokera ena. Zimenezo abwezera ndi a inshuwalansi, ngati munalipiriratu mvula isanadze. Koma cenjerani, pakuti si pepala liri lonse licinjiriza ku cigumula. Lina linena za moto ndi akuba basi. Uzani kalaliki akusonyezeni ndi cala pamene palembedwa za madzi osefukira, ndipo mumfunsenso ngati madzi otumphuka pansi awerengedwa. Funsani ndalama zimene mudzayenera kulipira nokha pa ngozi iri yonse kampani isanayambe kulipira, ndiponso ngati kampaniyo iri ndi cilolezo ca Pensions and Insurance Authority. Inu ocita lendi, dziwani kuti inshuwalansi ya mwini nyumba kawirikawiri isunga zipupa ndi denga zokha. Katundu wanu afunika pepala lacelace.

Mukalandira pepalalo, likulungeni m'pulasitiki pamodzi ndi malisiti a katundu ndi citupa canu, muliike pamwamba pa kabati, osati m'sutikesi pansi pa bedi, pakuti madzi amayambira pomwepo.