Kupima Gasiketi Kuti Ikwane Pamalo Pake

Lero tili ku Chelstone, kum'mawa kwa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Great East Road umene upita ku Chipata. Amene mwadutsapo mulidziwa thanki lalitali la madzi limene lili pamenepo. Madzi otuluka m'thanki lotere amayenda m'mapaipi ambiri, ndipo pamene zitsulo ziwiri zalumikizidwa ndi mabawuti pamaikidwa kanthu kaphanthiphanthi kotchedwa gasiketi.

Chitsulo, ngakhale chioneke chosalala, chili ndi timaenje tosaoneka ndi maso. Gasiketi ndi yofewa, ya mphira kapena ya pepala lolimba, choncho ikapanikizidwa imalowa m'timaenjeto ndi kutseka njira ya madzi. Washala ya m'pompi ya kusukulu kwanu igwira ntchito yomweyo. Koma ikachepa kapena kukula, madzi amadontha. Tiwerenge pamodzi. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Ngati pompi idontha kamodzi pa sekondi, ndipo madontho 20 apanga mililita imodzi, tataya malita oposa 4 pa tsiku. Imeneyo ndi pompi imodzi chabe.

Tsono tipima chiyani? Choyamba ndi bowo la m'kati. Ikani rula kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete mwina, kudutsa pakati penipeni. Mukaphonya pakati, muyeso uchepa. Motero sunthani rula pang'onopang'ono, ndipo nambala yaikulu koposa ndiyo yoona. Chitani chimodzimodzi ndi mphepete ya kunja. Yambirani pa 0, osati pa nsonga ya rula, pakuti ana ambiri amalakwa pamenepa.

Mabowo a mabawuti ndiwo ovuta. Tifuna mtunda wochokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa linzake, koma pakati pa bowo palibe chogwira. Nayi nzeru ya amakanika: ngati mabowo ali ofanana, pimani kuchokera kumanzere kwa bowo loyamba kufika kumanzere kwa lachiwiri. Mtunda wake ndi womwewo.

Nanga paipi imene simungaone kukamwa kwake? Ikulungeni ndi ulusi kamodzi, pimani ulusiwo, ndi kugawa ndi 3.14. Paipi yachitsulo yotchedwa ya hafu inchi idzakupatsani ulusi wa mamilimita pafupifupi 67, ndiko kuti kunja kwake ndi mamilimita 21. Komatu inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo theka lake ndi 12.7 basi. Mwaona? Hafu inchi ndi dzina la paipiyo, si muyeso wa kunja kwake. Ine ndinagulapo washala pokhulupirira dzina, ndipo ndinabwerera kusitolo kawiri.

Musadalire kwambiri gasiketi yakale. Inaphwanyika ndi mabawuti, inapyapyala ndi kutambasuka. Nkwabwino kupima chitsulo chimene idzakhalapo. Makanika amaika pepala la gasiketi pachitsulocho nagogoda m'mphepete ndi kanyundo mpaka pepala litadulika molingana nacho. Ena amadula chubu chakale cha galimoto. Pa madzi ozizira chithandiza ndithu, koma petulo ndi oilo zimachitupitsa, ndipo pa mutu wa injini chingapse. Gasiketi zakale za injini musaziseweretse kapena kuzipala, chifukwa zina zili ndi asbestos, imene fumbi lake limawononga mapapo.

Aphunzitsi, pulogalamu ikatha gawani ana m'magulu a anayi. Gulu lililonse likhale ndi chivundikiro cha botolo la kukamwa kwakukulu, katoni, rula, pensulo ndi sizasi. Ayambe apima m'kati mwa chivundikiro ndi kulemba muyeso m'mamilimita, ndipo pambuyo pake adule. Mwana wa gulu lina apimenso. Akamaliza, thirani madzi m'botolo, tsekani, ndi kulizondotsa pamwamba pa pepala louma kwa mphindi imodzi. Gulu limene pepala lake lanyowa lipimenso ndi kutiuza kuti linaphonya ndi mamilimita angati.

Tsalani bwino, ana.