Kuteteza Mpunga ku Chiwawu Pogwiritsa Ntchito Tizirombo Tothandiza



Alimi a mpunga ku Karonga, Nkhotakota, Bwanje ndi m'madambo a nyanja ya Chilwa amaidziwa bwino nthenda ya chiwawu. Imayamba ndi timawanga totuwa pakati, tofiirira m'mbali, tosongoka nsonga zonse ziwiri ngati bwato. Ikafika pakhosi pa ngala, khosilo limada ndi kuthyoka, ndipo mlimi amakolola mankhusu okhaokha. Imayambitsidwa ndi nkhungu yotchedwa Magnaporthe oryzae, imene imafala ndi mphepo komanso mbeu, ndipo imakula msanga pa chinyezi ndi m'munda wothiridwa urea wopitirira muyeso.

Mankhwala opopera ndi okwera mtengo, ndipo otsalira ake amatsikira m'madzi momwe anthu amatunga ndi kuwedza nsomba. Njira ina ndiyo kulimbana ndi nkhungu yoipa pogwiritsa ntchito tizirombo tamoyo tothandiza. M'chaka cha 1932, Richard Weindling ku California anaonetsa kuti nkhungu ya Trichoderma imazinga ndi kupha nkhungu ya Rhizoctonia solani, yomwenso imaoletsa phesi la mpunga. Ku India, sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ya Tamil Nadu inalangiza alimi kusakaniza magalamu 10 a ufa wa bakiteriya wa Pseudomonas fluorescens pa kilogalamu imodzi ya mbeu. Bakiteriyayu amakhazikika ku mizu, amatulutsa zinthu zofooketsa nkhungu, ndiponso amadzutsa chitetezo cha mmera.

Chigawo chino chaona kale njira yotere. Aflasafe, amene bungwe la IITA linakonza, ndi mapira okutidwa ndi nkhungu yopanda poizoni, ndipo amawazidwa m'minda ya chimanga ndi mtedza mbeu zisanachite maluwa, kuti nkhungu ya chuku isowe malo.

Phunziro lake ndi limodzi: tizirombo tothandiza timateteza, sitichiritsa. Tiyenera kufika m'munda nthenda isanafike. Popeza ndi tamoyo, timafa tikasungidwa padzuwa kapena tikasakanizidwa ndi mankhwala ophera nkhungu.

Choncho malo a kafukufuku monga Lifuwu ku Salima ayenera kuyesa njirayi pa mpunga wa Kilombero ndi Faya asanaipereke kwa alimi. Pakadali pano, mlimi abzale mbeu yoyera, athire urea kawiri kapena katatu m'malo mwa kamodzi, ndipo akwirire mapesi odwala akatha kukolola.