Mwana Wogona Monamizira



Bambo akamenya mkazi wace usiku, anthu m'mudzi amati wopwetekedwa ndi mai yekha. Koma pamphasa pamakhala mwana wogona monamizira, akumva zonse. Nkhani ya lero iri pa mwana ameneyu.

Madotolo awiri a ku America, Vincent Felitti ndi Robert Anda, anafunsa anthu akuru oposa 17,000 za ubwana wao, nalengeza zoyamba zimene anapeza m'caka ca 1998. Mwa masautso amene anawerenga munalinso kuona amai akumenyedwa. Anthu amene anakula ndi masautso anai kapena oposerapo anapezeka pa ucidakwa, pa nthenda ya cisoni cosatha ndi pa kuyesa kudzipha kanai mpaka ka 12 kuposa anzao amene sanaone zotere.

Mwana wogona ndi mantha masiku onse, thupi lace limazolowera kukhala tcheru. M'kalasi citseko cikamenyetseka amadzidzimuka, maganizo sakhala pa bolodi, ndipo mphunzitsi amamuyesa waulesi namkwapula. Kumeneko ndi kuthira tsabola pa cironda. Akakula nalowa m'banja, wina amafulumira kukweza dzanja, pakuti sanaonepo njira yina yothetsera mkangano. Wina amangoti zii, osakhulupirira mnzace wa m'nyumba ngakhale ali wofatsa. Ankhoswe amatha tsiku lonse kuweruza mlandu wa banja, koma ndi owerengeka amene amafunsa kumene ana anali usiku wa ndewuwo.

Komabe mwana wotere sanatayike, ngakhale ataona zoopsa zoposa ndewu ya m'nyumba. Pa nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992, imene inathamangitsira anthu ngati miliyoni imodzi kuno ku Malawi, ana ambiri anaona anthu akuphedwa pamaso pao, ena anakakamizidwa kugwira mfuti. M'caka ca 1988 anyamata ena otere anasungidwa ku Lhanguene mu Maputo, ndipo Neil Boothby ndi anzace anatsata moyo wa 39 a iwo kwa zaka 16. Zikumbukiro zowawa sizinawacokere. Koma ambiri anakhala amuna okhulupirika pabanja ndi atate osamala ana. Abale ao anali atawalandiranso, akuru a m'mudzi anawacitira mwambo wowasambitsa, ndipo anaphunzitsidwa nchito za manja zodyetsera mabanja ao.