Galu Akamasulidwa Chingwe

 Yakwana nthawi ya za chilengedwe. Nyama yathu lero mwina yagona pafupi ndi phazi lanu pompano, ndiye galu. Koma nkhani yake tikaiyambira kutali pang'ono, ku Joni.

Msuweni wanga amasamala maluwa ndi kapinga panyumba ina ku Johannesburg, ndipo Loweruka m'mawa abwana ake amamutuma kukayendetsa galu. Nditapita kukamuona anati, "Asuweni, dzukani, tiyeni ku Emmarentia mukaone agalu akucheza." Ndinaseka, koma ndinavala nsapato. Emmarentia ndi damu limene mwini famu wakale, Louw Geldenhuys, analitcha dzina la mkazi wake. M'mbali mwake muli munda wa mitengo ndi maluwa, komanso bwalo lalikulu la udzu kumene agalu amathamanga opanda chingwe.

Galu wathuyo anali Labrador wakuda, wonenepa bwino. Njira yonse ankakoka chingwe mpaka kutsamwa, kuuwa galu aliyense wodutsa. Ine mumtima ndinati, ameneyu akangomasulidwa, lero tikagona kupolisi. Titafika pabwalo, msuweni anawerama n'kumumasula. Ndewu ija osaoneka. Galu anangoti mphuno pansi, tsinde ili, mwala uwo, chitsa icho, kwa mphindi zingapo osatiyang'ana n'komwe.

Apa m'pamene pali nkhani, omvera. Ife dziko timalidziwa ndi maso, galu amalidziwa ndi mphuno. M'mphuno mwa munthu muli timinyewa tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni, pamene mwa galu timaposa 200 miliyoni. Mukamuyang'anitsitsa galu wanu muona kuti mphuno zake n'zong'ambika pang'ono m'mbali. Mpweya wotuluka umadzera m'ming'alu imeneyo, kuti usakankhe fungo latsopano limene likulowa kutsogolo. Tsinde limene agalu khumi akodzerapo, kwa iye lili ngati bolodi la zidziwitso pa ofesi ya mfumu: wadutsa ndani, wamphongo kapena wamkazi, ndipo ngati ndi wamkazi, kodi ali pa nyengo yofuna mphongo. Akamaliza kuwerenga, nayenso amakweza mwendo n'kusiyapo uthenga wake. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Ine ndingawonjezere kuti sanunkhizanso pachabe.

Kenako kunabwera galu wina wabulauni. Ndinaonetsetsa mmene anapatsirana moni. Sanalunjikane maso ndi maso ayi. Aliyense anabwera chokhota, n'kuzungulirana, uyu mphuno kumchira kwa mnzake, uyonso chimodzimodzi. Kwa ife zimenezi n'zamanyazi, koma kumeneko kuli timatumba tiwiri totulutsa fungo la galu aliyense payekha, ndiye chiphaso chake. Pachigalu, kubwera molunjika maso ali tong'o ndi kuputa ndewu. Tsono taganizani galu amene ali pachingwe chachifupi. Sangakhote, sangabwerere m'mbuyo, mwini wake akumukokera kutsogolo kwa mnzake ngati akukamuonetsa kwa apongozi. Chimene chamutsalira ndi kuuwa basi. Ukali wambiri umene timauona pamsewu umachokera pamenepo.

Atatha malonje, Labrador uja anagwetsa chifuwa pansi, miyendo yakutsogolo atatambasula, matako ali m'mwamba, mchira uli pukupuku. Mwaziona kangati zimenezi pabwalo panu? Katswiri wa khalidwe la nyama wa ku Colorado, Marc Bekoff, anafufuza kaweramidwe kameneka kwa zaka zambiri, pa agalu ndi abale awo akutchire. Tanthauzo lake n'lakuti, zimene zikubwerazi ndi masewera, ndikakuluma usakwiye. Ndipo agalu awiri aja analumanadi, kugwetsana, kuthamangitsana fumbi koboo, wamkulu mwa awiriwo n'kumadzigwetsa dala chagada kuti wamng'ono apambaneko. Masewera enieni mumawadziwira pamenepo: amasinthana, wothamangitsa amasanduka wothawa, ndipo amapumira pakati. Mukaona mmodzi yekha ndiye akungothawa, mchira ataupinda pakati pa miyendo, makutu atagona, kapena mukaona thupi lauma gwa, ubweya wa pamsana waima, itanani galu wanu msanga.

Za mchira ndichenjezeko pang'ono, chifukwa ana ambiri alumidwa poganiza kuti galu wopukusa mchira ndi wokondwa. Mchira wolendewera, wopukusa mpaka chiuno chonse kugwedera, umenewo ndi chisangalalo. Koma woima njo, wongonjenjemera kunsonga, ndi chenjezo.

Ndili chiimire pamenepo ndinakumbukira agalu akumudzi kwathu, aja ofiirira, owonda, a makutu osongoka, amene amaperekeza anyamata kuuzimba n'kumagona paphulusa. Amenewo palibe anawatengerapo ku paki, koma malonje a chigalu amawadziwa kuyambira ali ana, poti amakula akukumana ndi anzawo tsiku ndi tsiku. Mabwalo a agaluwa anabwera chifukwa cha tauni, kumene galu amatsekeredwa kumpanda ndipo lamulo limafuna chingwe pamsewu. Bwalo limene ambiri amati ndilo loyamba linatsegulidwa mu 1979 ku Berkeley, m'chigawo cha California ku America. Kunena mosabisa, azungu akumangira agalu awo chinthu chimene galu wa ku Ntcheu ali nacho ulere. Amene ndimamumvera chisoni ine ndi galu wa m'matauni mwathu muno, womangidwa unyolo pamtengo wa mango kuyambira Januwale mpaka Disembala, ati kuti akhale wolusa. Amalusadi, mpaka kwa ana a m'nyumba momwemo.

Koma tisadzitame msanga. Anthu a ku Emmarentia aja amamasula agalu awo pagulu mtima uli m'malo chifukwa ambiri mwa agaluwo anabayidwa katemera. Kwathu kuno chiwewe chikadalipo, ndipo munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro zake, kuchira kulibe. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse akabayidwa m'dera, chiwewe chimasowa podumphira. A Mission Rabies anayamba ntchito imeneyi ku Blantyre mu 2015, ndipo chaka chimenecho anabaya agalu oposa 30,000 mumzindawo. Alangizi a ziweto akalengeza za katemera, tengani galu wanu mupite naye. Wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone kaye ngati galuyo apenge.

Chinthu chimodzi chokha ndinachikana ku Emmarentia. Galu uja atadzithandiza, msuweni anatulutsa kajumbo m'thumba, n'kuvala kumanja ngati golovesi, n'kundipatsira. "Asuweni, kuno timatola." Ndinamuuza kuti ndine mlendo, mwambowo aupitirize yekha. Anatola akuseka, n'kukataya m'bini.

Pamene ankatero, galu anaona abakha padamu. Tinangomva khuvu! Anasambira mpaka abakhawo atauluka, n'kutuluka ali chonyowa, n'kubwera kudzadzikutumulira pa thalauza langa la kutchalitchi. Pobwerera, chingwe chija chinali lende, galu akuyenda pambali pa msuweni, lilime panja. Tinadutsana ndi agalu awiri pageti, iye osauwa ngakhale kamodzi.